Bokosi la Makiyi Atatu

Kodi anakusankhani kuti mutsogolere gulu? Kaya ndi la alimi, komiti ya mjigo, kapena gulu losunga ndalama lija timangoti poupança, mwina mwaona kale vuto ili: pamsonkhano mumalankhula ndinu nokha. Mukafunsa maganizo, anthu amangoyang'ana pansi. Akatuluka ndiye amayamba kung'ung'udza m'njira. Gulu lotere silicedwa kutha, ndipo likakhala la ndalama limatha ndi milandu.

Magulu osunga ndalama ali ndi cinthu cimene cingakuthandizeni. Njira yosunga ndalama m'bokosi inayamba mu 1991 m'dziko la Niger, pakati pa amai a m'midzi, mothandizidwa ndi bungwe la CARE. Lero yafika m'maiko ambiri a mu Africa, ndi kuno ku Mozambique komwe. Gulu limakhala la anthu 15 mpaka 25, ndipo limasankha atsogoleri asanu: wapampando, mlembi, wosunga bokosi ndi owerenga ndalama awiri.

Tsono tamvani. Bokosilo limakhala ndi maloko atatu. Makiyi ake amasunga anthu atatu osiyana, amene sali m'komiti. Wosunga bokosi alibe kiyi. Wapampando naye alibe kiyi, ngakhale imodzi. Bokosi limatsegulidwa pamsonkhano pokha, aliyense akuona.

Ena amati zimenezi n'zoteteza ndalama kwa akuba, basi. N'zoona, koma pali cinanso. Mai amene wapatsidwa kiyi amadziwa kuti akapanda kubwera, bokosi silitseguka. Mwina kunyumba palibe amene amamufunsa maganizo, koma pano anthu 20 akudikira iye. Munthu amayamba kudzidalira akaona kuti ena amudalira pa cinthu ceniceni. Mau akuti "limbani mtima" paokha sathandiza kwenikweni.

Ndiye inu mtsogoleri, dzifunseni: ndi nchito ziti zimene ndagwira ndekha koma wina akanatha kuzigwira? Kuitana maina, kulandira alendo, kukagula mbeu, kuwerenga kalata yocokera kuboma. Gawani. Ndipo musamangopatsa anthu olankhula kwambiri aja.

Covuta cimabwera munthuyo akalakwitsa. Tinene kuti wowerenga ndalama wangophunzira kumene manambala. Akuwerenga mokweza, manja akunjenjemera, ndipo wanena 850 pamene ndalama ndi mametikali 950. Apa atsogoleri ambiri amalanda ndalamazo n'kunena kuti, "Bweretsani kuno, mukuticedwetsa." Nthawi apulumutsadi, koma munthu uja sadzayesanso, ndipo onse amene anaona aphunzira kuti kulakwitsa n'kucita manyazi. Inu dikirani. Nenani kuti, "Amai, tiyeni tiwerengenso pamodzi," gulu lonse liwerenge mokweza. N'cifukwa cake owerenga amakhala awiri: wina akaphonya, mnzake amakonza. Akapeza nambala yoona, muyamikireni pomwepo, ndipo chulani cimene wacita bwino. "Mwasanja bwino ndalama zamapepala" ndi mau othandiza kuposa kungoti "zikomo".

Cina ndi kusabisa. M'magulu amenewa, msonkhano usanathe amalengeza ndalama zimene zatsala m'bokosi, ndipo aliyense amayenera kuzikumbukira. Pamsonkhano wotsatira amafunsa kaye nambala ija, kenaka n'kutsegula kuti aone ngati zikugwirizana. Ngakhale wosadziwa kulemba amatha kuyang'anira cuma ca gulu. Inunso citani cimodzimodzi pa nkhani iliyonse. Ngati pampu ya mjigo yadya ndalama zambiri, nenani kuti ndi zingati, risiti liyende m'manja mwa anthu.

Nanga malamulo? Apa m'pamene anthu amakuyesani mwakacetecete. Ngati gulu linagwirizana kuti wocedwa azilipira cindapusa, tsiku limene mwacedwa inu, lipirani musanakhale pansi. Mlamu wanu akacedwa kubweza ngongole, mufunseni pagulu monga mmene mumafunsira wina aliyense. Zimawawa, eti? Koma mukamukhululukira mwamseri, mwezi wamawa simudzatha kufunsa aliyense.

Pakatha pafupifupi caka, gulu limagawana ndalama zonse pamodzi ndi phindu, kenaka limasankhanso atsogoleri. Musadikire tsiku limenelo kuti muone ngati alipo wina wokhoza. Sankhani msonkhano umodzi mwezi uno, muuzeni mnzanu pasadakhale kuti adzatsogolera ndi iye, mukonzekere naye zoti adzanene. Tsikulo likafika, inu mukakhale pamphasa pamodzi ndi anzanu, ndipo mukafuna kulankhula mukweze dzanja.