Maphunziro a Mbusa wa Lutheran

Ku Katete ndi ku Sinda anthu anazolowera kale ulaliki wa Mpingo wa Dutch, umene unamanga mishoni ya Nyanje m'caka ca 1905. A Lutheran anafika m'mbuyo. Amishoni ao, ocokera ku America, anayamba nchito ku Lusaka m'caka ca 1953. Mu 1964 anatsegula sukulu ya Baibulo ku Chelston, ndipo mu 1969 anayamba seminale ya abusa.

Nanga mnyamata wolowa m'menemo aphunziranji? Cacikuru ndico kusiyanitsa Cilamulo ndi Uthenga Wabwino. Cilamulo cimuonetsa munthu kucimwa kwace. Uthenga umuuza kuti Kristu analipira kale mlandu wonse, ndi kuti munthu ayesedwa wolungama ndi cikhulupiriro cokha, si ndi nchito zace ai. Martin Luther anaphunzitsa zomwezi ku Germany, nalemba Katekisma Wamng'ono m'caka ca 1529.

Wophunzira awerenganso Cihebri ndi Cigriki, kuti angalalikire za m'mutu mwace. Pakuti mlaliki wongodzudzula abweza anthu kwao ali ndi mantha okhaokha, ndipo wongotonthoza awasiya ali gone m'zoipa zao.