MADZI A M'INJINI: CENJEZO KWA ENI MAVANETI

Nyengo ya kugulitsa zokolola ikafika, mavaneti a dizilo agwira nchito yoposa ya miyezi ina yonse. Anyamula cimanga, nshawa ndi thonje kucoka m'midzi kunka ku misika ya ku Chipata, Katete ndi Petauke, ndipo ena afika ndi ku Lusaka komwe. Pa mseu waukuru wa Kum'mawa, makamaka pa zitunda za pakati pa Nyimba ndi mlato wa Luangwa, sicacilendo kuona vaneti itaima pambali, nthunzi iri tolotolo, matumba ali padzuwa. Kawirikawiri ngozi yotere iyamba ndi kanthu kakang'ono ka mtengo wocepa, koma injini ikapsa, kuikonza kudya ndalama za matumba ambiri a cimanga.

M'MENE MADZI AYENDERA

Dizilo akamapsa m'injini aturutsa moto waukuru, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kutenthako licotsedwa ndi madzi. Pampu, imene izunguzidwa ndi lamba, ikankha madzi m'tinjira ta m'kati mwa injini. Madzi atatentha aturukira pa paipi ya mphira ya pamwamba nalowa m'radiyeta, m'mene atsika m'timipope topyapyala tambiri. Mphepo ya pa ulendo ndi ya fani iwaziziritsa, ndipo abwerera ku injini podzera pa paipi ya pansi.

Pali tinthu tiwiri timene anthu ambiri atipeputsa. Koyamba ndi thermostat, kacitseko kamene katsekera madzi m'injini mpaka atafika pa madigiri 82 kapena pafupi pomwepo, ndipo pamenepo katseguka. Kaciwiri ndi citsekero ca radiyeta. Citsekeroci cipanikiza madzi kuti asawire msanga. Ku Chipata, kumene kuli pamtunda woposa mamita 1,000, madzi a mumphika awira pa madigiri 96, koma m'radiyeta ya citsekero cabwino angathe kufika pafupi ndi 120 osawira. Cotero citsekero cotha mphira cingawiritse injini imene iribe nthenda ina iriyonse.

KUZINDIKIRA KUMENE KULI BVUTO

Woyendetsa wanzeru ayamba wadzifunsa kuti: kodi injini itentha nthawi yanji? Yankho lace ndilo limlozera pamene pali bvuto.

Ngati itentha galimoto itaima kapena poyenda pang'onopang'ono, koma izizira pothamanga, mlandu uli pa fani kapena pa lamba. Lamba wabwino akamdinikiza ndi cala pakati atsika sentimita imodzi cabe. Wolobodoka alira poliza injini, ndipo wong'aluka ali pafupi kuduka.

Ngati itentha pa citunda kapena posenza katundu, radiyeta ndiyo yatsekeka. Kunja kwace itsekeka ndi njere za udzu, mankhusu, tizirombo ndi matope. M'kati itsekeka ndi dzimbiri ndi laimu. Katundu wopitirira muyeso naye atenthetsa injini. Mavaneti ambiri, monga Toyota Hilux ndi Isuzu KB, anapangidwa kuti azisenza pafupifupi tani imodzi, ndiwo matumba 20 a makilogramu 50, kuwerengera pamodzi ndi anthu okwera.

Ngati singano ya geji ikwera msanga injini itangolira, pamene paipi ya pamwamba ikali yozizira, ndiye kuti thermostat yakana kutseguka.

Ngati madzi acepa tsiku ndi tsiku, mwini galimoto ayang'ane pansi m'mawa pamene inagona. Mapaipi otupa, ofewa kapena ong'aluka ayenera kusinthidwa. Madontho oturuka pa kabowo ka pansi pa pampu, pamodzi ndi phokoso lokukuta, asonyeza kuti pampu yatha.

Bvuto loopsa koposa ndi la gasiketi ya pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lace. Zizindikiro zace ndi izi: madzi atha popanda podontha pooneka, thobvu libwebweta m'radiyeta injini ikamalira, utsi woyera uturuka kumbuyo ngakhale injini yatentha kale, ndipo oilo asanduka wotuwa ngati tiyi wa mkaka. Galimoto yotere isayende konse kufikira makanika ataiona.

Pali msampha wina. Madzi akatheratu, singano ya geji nthawi zina itsika m'malo mokwera, cifukwa kacitsulo koyesa kutentha sikakhudzanso madzi. Woyendetsa akamva pfungo la kupsa kapena akaona mphamvu ya injini icepa, aime ngakhale geji isanene kanthu.

INJINI IKAWIRA PANJIRA

Woyendetsa apatuke naime pamalo pabwino. Ngati lamba ali bwino ndipo madzi satayika, aleke injini ilire pang'onopang'ono mphindi zingapo kuti singano itsike. Koma ngati nthunzi ituruka kapena lamba waduka, azime pomwepo.

Asatsegule citsekero injini iri yamoto, pakuti madzi opanikizidwa atumphuka ndi mphamvu naocha nkhope ndi manja. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Adikire theka la ora kapena kuposapo, aphimbe citsekero ndi nsaru yocindikala, nacipotoze pang'ono kuti mpweya uyambe waturuka. Madzi atsopano awathire pang'onopang'ono injini iri kulira. Kukhuthulira madzi ozizira m'injini yamoto kung'amba mutu wace, monga mphika wadothi usweka ukacoka pamoto nulowa m'madzi.

MIYAMBO INA YOONONGA

Ena acotsa thermostat nati dziko lino ndi lotentha kale. Injini yopanda thermostat icedwa kufunda, idya dizilo wambiri, ifuka utsi, ndipo itha msanga. Thermostat yakufa ifuna inzace yatsopano. Ena athira ufa, dzira kapena fodya m'radiyeta yodontha. Zimenezi zitseka bowo kanthawi, koma zitsekanso timipope, ndipo bvuto lotsatira liposa loyamba.

Madzi a m'dambo ndi a mumtsinje ali ndi matope, ndipo a pa mijigo yambiri ali ndi laimu amene amatirira m'kati monga acitira m'ketulo. Oyenera ndi madzi a mvula osefa bwino kapena madzi a batire, osakaniza ndi mankhwala a m'radiyeta ochedwa coolant, theka ndi theka, pokhapokha ngati botolo linena kuti ngosakaniza kale. Mankhwalawa aletsa dzimbiri ndipo acedwetsa kuwira. Asinthidwe pa nthawi yolembedwa m'buku la galimoto, ndipo mitundu yosiyana isaphatikizidwe. Eni nyumba adziwe kuti mankhwalawa ndi otsekemera koma ndi ululu wakupha. Asungidwe kutali ndi ana, agaru ndi ziweto, ndipo asathiridwe m'botolo la zakumwa.

ZOCITA ULENDO USANAYAMBE

M'mawa uliwonse, injini iri yozizira, woyendetsa aone muyeso wa madzi ndi wa oilo, akhudze lamba ndi mapaipi. M'miyezi ya Meyi ndi Juni, pamene udzu wa m'njira za kumunda wacha njere, atsuke radiyeta kawirikawiri pothira madzi kucokera ku mbali ya injini kunka kunja, osatokosa ndi waya. Mu Okutobala, pamene kutentha kwa m'cigwa ca Luangwa kupitirira madigiri 40, ndi bwino kunyamuka mbandakuca ndi kukwera zitunda ndi giya yaing'ono, maso ali pa geji.

Pa ulendo wautali m'galimoto musasowe cigubu ca madzi oyera, lamba wapadera, citsekero catsopano ndi zomangira mapaipi. Zonsezi pamodzi mtengo wace ucepa kutali pouyerekeza ndi wa mutu umodzi wa injini.