Aroma ankaopanji ufumu? Mbiri yoti muyambe nayo musanaphunzitse Julius Caesar

Mukamaphunzitsa sewero la Julius Caesar ku Bindura, kwa ana a m'makomboni a migodi ya Trojan ndi Freda Rebecca, yembekezerani funso ili: "Aphunzitsi, Caesar analakwanji? Anthu ankafuna kumuveka ufumu, ndiye amuphe?" Funsoli ndi lomveka. Ena mwa anawa ndi adzukulu a anthu amene anachokera ku Nyasaland, Mozambique ndi Zambia kudzagwira ntchito m'migodi, ndipo m'Chichewa ngakhalenso m'Chishona, mfumu ndi munthu wolemekezeka, woweruza milandu ndi wogawa malo. Chimodzimodzi ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angonia. Mwana wotere amaona Brutus ngati munthu wanjiru basi, ndipo sewero lonse limangosanduka nkhani ya kaduka. Kuti amvetse chimene chinkamusowetsa tulo Brutus, yambani ndi mbiri ya Roma.

Malinga ndi mmene Aroma eni ake ankasimbira, mu 509 BC anathamangitsa mfumu yawo yomaliza, Tarquinius Superbus, nalumbira kuti sadzalolanso ufumu. Anatsogolera zimenezi ndi Lucius Junius Brutus, amene Brutus wa m'seweroli ankamuwerengera ngati kholo lake. Dzinali lilembeni pa bolodi, chifukwa ndi nyambo imene Cassius akumukolera nayo mnzakeyo. Kuyambira pamenepo Roma ankasankha atsogoleri awiri otchedwa consul, olamulira chaka chimodzi chokha, ndipo aliyense ankatha kuletsa zimene mnzake walamula. Panalinso bwalo la akuluakulu lotchedwa Senate, komanso ma tribune oteteza anthu wamba, monga Flavius ndi Marullus amene akutsegula seweroli. Zinthu zikafika poipa, ankaika munthu mmodzi pa udindo wa dictator, koma osapitirira miyezi 6. Zonsezi cholinga chake chinali chimodzi: mphamvu zisaunjikane pa munthu mmodzi.

Anagwetsa dongosololi ndi asilikali. Msilikali wosauka ankayembekezera munda ndi chuma kuchokera kwa mkulu wake wankhondo, osati ku boma, choncho ankamvera mkuluyo. Caesar atagonjetsa dziko la Gaul, anawoloka mtsinje wa Rubicon ndi asilikali ake mu Januwale 49 BC, mosemphana ndi lamulo. Anagonjetsa Pompey ku Pharsalus mu 48 BC, kenako ana a Pompey ku Munda mu 45 BC. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amasochera pa chiyambi penipeni pa sewero: ma tribune akukalipira khamu chifukwa likusangalalira kugonjetsedwa kwa Aroma anzawo, osati adani akunja. Dziwaninso kuti Brutus ndi Cassius onse anali mbali ya Pompey, ndipo Caesar anawakhululukira. Munthu amene wakusiya ndi moyo, udzamubaya bwanji? Tsoka la Brutus lagona pamenepo.

Kumayambiriro kwa 44 BC Caesar anapatsidwa udindo wa dictator kwa moyo wake wonse. Pa 15 Febuluwale, pa chikondwerero cha Lupercalia, Antony anamupatsa chisoti chaufumu, iye nkukana. Pa 15 Malichi anaphedwa. Kuti miyezi 6 isanduke moyo wonse, agogo a ophunzira anu akuzidziwa bwino: mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda analengezedwa kuti ndi pulezidenti wamuyaya wa Malawi. Chitsanzochi chimathandiza, koma chitchuleni kamodzi nkubwerera ku Roma. Kalasi ikasanduka bwalo la zipani, seweroli latayika.

Musapitirirenso muyeso nkumupanga Brutus mpulumutsi. Ufulu umene ankauteteza unali makamaka wa mabanja ochepa olemera a mu Senate. Anthu wamba ankamukonda Caesar, ndipo iye anasiyiradi nzika iliyonse ndalama mu wilo yake, nchifukwa chake Antony sakuvutika kutembenuza khamu pa maliro. Ndipo kupha Caesar sikunabweze dongosolo lakale. Brutus ndi Cassius anafera ku Philippi mu 42 BC, ndipo Octavius, mnyamata amene akuyankhula mawu omaliza m'seweroli, anatchedwa Augustus mu 27 BC nkulamulira yekha zaka zoposa 40. Iye anachenjera: dzina loti mfumu sanalitenge.

Shakespeare analemba seweroli cha mu 1599, potsata mbiri ya Plutarch imene Thomas North anamasulira m'Chingerezi mu 1579, ndipo anapanikiza zaka kuti zikwane pa siteji. Chikondwerero cha kupambana kwa Caesar cha mu Okutobala 45 BC anachiika tsiku limodzi ndi Lupercalia. Choncho musanatsegule buku, jambulani mzere wa zaka kuyambira 509 mpaka 27 BC, ndipo akumbutseni ophunzira kuti zaka za BC zimawerengedwa chotsika. Kenako gawani kalasi pawiri, ena akhale a mu Senate, ena asilikali akale a Caesar amene akudikira minda, ndipo gulu lililonse linene chimene litaye kapena kupindula Caesar akavala chisoticho.