Chitetezo cha thupi chikaukira kapamba

Ndikamva anthu akunena kuti mwana wadwala shuga chifukwa chokonda zotsekemera, zimandipweteka. Shuga wa ana, wa mtundu woyamba uja, amayamba chitetezo cha thupi chikasokonekera. Maselo a T, omwe ntchito yawo ndi kulimbana ndi tizilombo, amatembenukira maselo a m'kapamba opanga insulini n'kumawapha pang'onopang'ono. Zimenezi zimatha kutenga zaka mwana akusewera bwinobwino, magazi okha ndiwo amaulula akayezedwa.

Ofufuza agwira pamenepa. Mu 2022 bungwe la FDA ku America linavomereza teplizumab, mankhwala ofooketsa maselo oukirawo. Sachiritsa ayi, amangochedwetsa matendawa pafupifupi zaka ziwiri, ndipo ineyo zaka ziwiri za mwana popanda jakisoni wa insulini sindiziyesa zochepa. Mankhwalawa amaperekedwa mumtsempha kwa masiku 14, zizindikiro monga ludzu ndi kukodzakodza zisanayambe.