Ofuna Kukakhala Kunja kwa Dziko: Mafunso a ku Ruarwe

Mudzi wa Ruarwe uli kumpoto kwa Usisya m'boma la Nkhata Bay, pakati pa mapiri ndi nyanja, ndipo njira yodalirika yofikira kumeneko ndi ya pamadzi. Sitima ya Ilala, imene inayamba ntchito mu 1951, imaima patali ndi gombe, mabwato n'kumatuta anthu ndi katundu. Pakati pa okwerawo kawirikawiri pamakhala mnyamata wa chikwama chimodzi amene ali pa ulendo wa ku Joni. Asananyamuke, munthu wotere amayamba wafunsa nzeru kwa mphunzitsi kapena kwa kalaliki wa Boma. Nkhani ino talembera ofunsidwawo, kuti mayankho awo akhale oona, pakuti safunsa anadya phula.

Ulendo umenewu si wachilendo kwa anthu a m'mbali mwa nyanja. Sukulu za mishoni ya Livingstonia, imene inakhazikika pa Bandawe mu 1881, zinatulutsa anyamata odziwa kulemba amene anakapeza ukalaliki ndi ukapitawo ku Rhodesia ndi ku South Africa. Mmodzi wa iwo, Clements Kadalie wa ku Chifira, anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo anamwalira ku East London mu 1951. Ambiri ankabwerera ndi njinga, makina osokera ndi ndalama za chiwongo. Koma ena anatayika, akazi ndi ana awo osamvanso mbiri yawo. Amenewa ndiwo tinkawatcha machona. Tsono kusiyana kwa wobwerera ndi mchona nthawi zambiri kumayambira pa zimene munthu anakonza, kapena sanakonze, asanachoke pakhomo.

Funso loyamba ndi lakuti: kodi ndikhale ndi zikalata zotani? Munthu ayambe wakhala ndi chiphaso cha unzika, chimene Boma linayamba kupereka kwa anthu onse mu 2017 kudzera ku National Registration Bureau. Akatero apemphe pasipoti ku nthambi ya Immigration. Kwa anthu a ku Ruarwe ofesi yapafupi ili ku Mzuzu. Basi yochokera kuno imatulukira pa Dedza kapena pa Mwanza, imaoloka Zambezi pa Tete, imalowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, ndipo imafika ku South Africa pa Beitbridge. Pa chipata chilichonse pasipoti idindidwe. Amene amalipira anthu owalonjeza kuwaolotsa Limpopo usiku amadzipereka kwa achifwamba, ndipo akavulala palibe ofesi imene ili ndi dzina lawo.

Funso lachiwiri: kodi pasipoti imandilola kukhazikika ndi kugwira ntchito? Yankho ndi lakuti ayi. Mmalawi amaloledwa kulowa mu South Africa popanda visa kwa masiku osapitirira 30, ngati mlendo wodzacheza chabe. Ntchito imafuna chilolezo chakechake, chimene munthu amapempha asananyamuke. Malamulo a dzikolo a mu 2014 amati wopitirira masiku ake aletsedwe kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo wopitirira ndi masiku oposa 30 aletsedwe zaka zisanu. Wogwidwa alibe zikalata amasungidwa ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kwawo. Munthu wopanda chilolezo amalandiranso malipiro ochepa, chifukwa womulemba amadziwa kuti sangakadandaule kulikonse.

Funso lachitatu likukhudza owerenga athu eni ake, pakuti aphunzitsi ndi antchito a Boma nawonso amaganiza zopita. Satifiketi ya kuno iyenera kuyesedwa ndi bungwe la SAQA, ndipo mphunzitsi sangaime m'kalasi asanalembetse ku South African Council for Educators. Ophunzira ambiri a kwathu, posadziwa izi, anakathera pa ntchito ya m'nyumba, ya m'dimba kapena ya m'sitolo. Ntchito zimenezi si zonyozeka, koma munthu adziwiretu zimene akusinthanitsa ndi ntchito yake. Asanalembe kalata yosiya, afunse ku likulu la unduna wake za penshoni ndi za tchuthi chimene malamulo amalola.

Funso lachinayi: kodi ntchito ya kunja ndi yokhalitsa? Mbiri ya theba itiphunzitse. Mu 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela. Pa 4 April 1974 ndege yonyamula antchito obwerera kwawo inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi 74, ndipo Dr. H. Kamuzu Banda anaimitsa kulemba antchito. Kulemba kunayambanso mu 1977, koma kunatheratu mu 1988 chifukwa cha mkangano wa kuyeza magazi. Masiku ano palibe Wenela wosungira munthu gawo la malipiro ake kuti akalandire kwawo. Aliyense ayenera kudzisungira yekha. Tisaiwalenso zipolowe zolimbana ndi alendo: mu May 2008 anthu 62 anaphedwa, ndipo mu 2015 Boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ake amene anathawa nkhanza ku Durban. Chotero wanzeru amasunga padera ndalama za ulendo wobwerera, ndiponso amalowa m'kabungwe ka anzake kothandizana pa maliro, pakuti kubweretsa mtembo kuchokera ku Johannesburg mpaka ku Ruarwe n'kodula kwambiri.

Funso lachisanu ndi la ana. Mwana wobadwira ku South Africa kwa makolo achilendo sakhala nzika ya dzikolo chifukwa cha kubadwirako chabe. Makolo alembetse kubadwa kwake, asunge kalatayo, ndipo adziwitse ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena ya ku Johannesburg. Za ku Zimbabwe zitichenjeze: lamulo la unzika la mu 2001 linasandutsa alendo ana ndi zidzukulu zambiri za Amalawi obadwira komweko, kufikira malamulo aakulu a mu 2013 anawabwezera ufulu. Kuno kwathu Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2018 kuti munthu angathe kukhala nzika ya maiko awiri, choncho wokhazikika kunja sakakamizidwanso kutaya Umalawi wake.

Chotsiriza, wopita asiye pakhomo pali polongosoka. Auze a mfumu ndi akuluakulu a banja amene adzasamala munda wake, bwato lake ndi chilimira chake. Agwirizane ndi mkazi wake za ndalama za sukulu ndi nthawi yodzacheza. Atonga akale ankakhala kunja zaka zambiri koma malo awo m'mudzi osatayika, chifukwa ankatumiza makalata ndi ndalama, ndipo maliro ndi milandu ya kwawo ankazitsata. Lamya ya m'manja yapeputsa zimenezi, moti mchona wa lero alibe chowiringula.

Palibe amene akuletsa mnyamata wa ku Ruarwe kukwera Ilala. Koma mphunzitsi amene wafunsidwa amufunsenso mnyamatayo: pasipoti ili kuti, chilolezo chili kuti, ndalama yobwerera ili kuti, ndipo pakhomo watsala ndani? Ngati mayankho palibe, amulangize kuti adikire, sitima idzabweranso.