Nthambo ya USB: khomo lotsala netiweki ikasowa kwa Kawinga

Kalembera wa anthu wa m'chaka cha 2018, amene adapeza kuti m'boma la Machinga muli anthu 735,438, adali woyamba m'dziko muno kuchitika ndi matabuleti m'malo mwa mapepala. Kuchokera nthawi imeneyo zipangizo za m'manjazi zafala m'midzi. Olemba mabanja ofunika thandizo, alangizi a zaumoyo ndi ochita kafukufuku a mabungwe amayenda nazo m'dera la kwa Kawinga, kuchokera pa Ntaja kulowera ku Nayuchi m'malire a Mozambique.

Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti mayankho amene mayi wa m'mudzi wapereka amayamba akhala m'tabuleti momwemo. Kufikira atatuluka n'kufika pa kompyuta ya kukhonsolo kapena ya ku Lilongwe, banjalo limakhala ngati silidalembedwe n'komwe. Tabuleti ikagwa m'madzi, ikabedwa, kapena galasi lake likasweka mayankho asadatumizidwe, maina onse amapita nayo. M'boma ngati la Machinga, limene lidali m'gulu la maboma oyamba kulandira ndondomeko ya Mtukula Pakhomo itayesedwa ku Mchinji m'chaka cha 2006, dzina losowa pa mndandanda limatanthauza banja losowa ndalama yogulira ufa.

Njira yodziwika yotumizira mayankho ndi ya intaneti, koma intaneti imadalira nsanja za mafoni, ndipo nsanjazo zimadalira magetsi ndi dizilo. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Namondwe wa Freddy atafika mu Marichi 2023, magetsi adazima ndipo misewu ya m'chigawo cha kummwera idaduka. Nthawi ngati zimenezi ndi pamene mndandanda wa anthu ovutika umafunika msanga, komanso ndi pamene netiweki imasowa. Chotsala chimakhala nthambo ya USB, ija imene aliyense amatchajira foni, ndi pulogalamu ya pakompyuta yodziwa kulankhula ndi chipangizocho kudzera m'nthamboyo.

Mafoni a Android oyambirira ankati akalumikizidwa ku kompyuta amaoneka ngati fulashi. Kompyuta inkatenga memori yonse m'manja mwake, ngati mlendo amene wapatsidwa kiyi wa nkhokwe, ndipo foni yeniyeniyo inkayembekeza panja mpaka mlendoyo atamaliza. Kuyambira cha m'ma 2011 Android idasinthira ku njira ina yotchedwa MTP, imene idapangidwa ndi kampani ya Microsoft ndipo idavomerezedwa kukhala ya zipangizo zonse za USB m'chaka cha 2008. M'njira imeneyi foni imakhala ngati wogulitsa m'golosale: kompyuta imaima pa kauntala, kufunsa zimene zilipo, kenako kupempha fayilo imodziimodzi, ndipo foniyo ndiyo imatambasula dzanja kupereka. N'chifukwa chake foni yokhoma siionetsa kalikonse pa kompyuta mpaka mwini wake ataitsegula n'kusankha kuti nthamboyo inyamule mafayilo, osati moto wokha.

Makompyuta a Windows amamva chilankhulo cha MTP chibadwire. Makompyuta a Apple sachimva paokha, ndipo a Linux amachimva chifukwa cha ntchito ya anthu odzipereka. Pulogalamu yotchedwa libmtp, imene katswiri wa ku Sweden Linus Walleij ndi anzake adayamba kulemba m'chaka cha 2006, ndiyo imamasulira pakati pa foni ndi kompyuta. Ya mafoni a iPhone, amene ali ndi chilankhulo chawochawo chimene kampani ya Apple sidachiulule, ndi libimobiledevice, ndipo ya mafoni akale a mabatani ngati a Nokia ndi Gammu, imene imakopera manambala ndi mauthenga a SMS.

Mapulogalamu onsewa ndi a mtundu umene pa Chingerezi amati open source. Tanthauzo lake n'lakuti malamulo onse amene pulogalamuyo imatsata adalembedwa poyera, ndipo aliyense ali ndi ufulu wowawerenga, kuwasintha ndi kugawira ena popanda kulipira laisensi. Kwa khonsolo imene ndalama zake zimafika mochedwa, kusalipira ndi phindu looneka msanga. Phindu lalikulu koposa n'lakuti zolemba za boma sizikhala mkaidi wa kampani imodzi. Kampani ikatseka kapena ikakweza mtengo, katswiri wa pakhonsolo angathe kutulutsabe mafayilowo, chifukwa njira yake siyobisika.

Malawi adaona kale mphamvu ya foni yolumikizidwa ku kompyuta. M'chaka cha 2008, pachipatala cha St Gabriel's ku Namitete, wophunzira wa ku America Josh Nesbit adagwiritsa ntchito laputopu imodzi yokhala ndi pulogalamu ya FrontlineSMS kuti anthu odzipereka a m'midzi azitumiza mauthenga a odwala m'malo moyenda mtunda wautali. Pulogalamuyo sinkafuna intaneti, koma foni kapena modemu yolumikizidwa pa USB basi. Ntchito imeneyi ndiyo idabala bungwe la Medic Mobile.

Chitsanzo chokhudza kwambiri olemba mabanja ndi cha ODK, mapulogalamu amene adayambira pa University of Washington m'chaka cha 2008 ndipo adagwiritsidwa ntchito pa kaundula wa mabanja wa UBR kuno kwathu. Wolemba akamaliza kufunsa banja, pulogalamu ya ODK Collect imasunga mayankhowo ngati fayilo yaing'ono payokha, pamodzi ndi zithunzi ngati zilipo. Intaneti ikapezeka, mafayilowo amatumizidwa. Ikasowa, woyang'anira amalumikiza tabuleti ku laputopu, kukopera foda yonse, kenako pulogalamu ina yotchedwa ODK Briefcase imasonkhanitsa mafayilo a matabuleti onse n'kuwasandutsa tebulo limodzi lotheka kutsegula ndi Excel. Matabuleti a gulu lonse angathe kukhuthulidwa madzulo amodzi pansi pa mtengo, laputopuyo n'kupita ku Liwonde kumene netiweki ilipo. Eni ake a ODK adasiya kuikonzanso Briefcase atatembenukira ku pulogalamu yatsopano ya ODK Central, ndipo apa ndi pamene pulogalamu yaulere imaonetsa mtengo wake weniweni. Malamulo ake akadali poyera, koma pafunika munthu woti aziwasamala. Ntchito yotere achinyamata otuluka ku MUBAS kapena ku MUST angaikwanitse, atapezeka wowalipira.

Pali khomo lachiwiri, lozama kuposa la MTP, lotchedwa ADB. Ili ndi khomo la akatswiri, limene Google idatsegulira olemba mapulogalamu a Android, ndipo nalonso malamulo ake ali poyera. Kudzera pa ADB kompyuta imatha kulamula foni mwachindunji ndi kukoka mafayilo ochuluka mosadukiza. Pulogalamu ya scrcpy, imene Romain Vimont wa ku France adatulutsa m'chaka cha 2018, imadutsa pakhomo lomweli n'kuonetsa nkhope yonse ya foni pa kompyuta, kotero kuti tabuleti yosweka galasi ingathe kuyendetsedwa ndi mausi mpaka mayankho onse atapulumuka.

Koma kawirikawiri khomoli limatseguka pokhapokha ngati lidakonzedwa ngozi isadachitike. Munthu amayenera kulowa m'masetingi, kuyatsa chilolezo chotchedwa USB debugging, ndipo tabuletiyo ikakumana ndi kompyuta koyamba imafunsa pagalasi ngati kompyutayo ndi yodalirika. Galasi likasweka funsoli lisadayankhidwe, kupulumutsa mayankho kumavuta kwambiri. Choncho ofesi imene ikugawa matabuleti iyenera kusankha tsiku loyamba lomwe: kutseka khomoli n'kuvomereza kuti tabuleti yosweka ingapite ndi maina ake, kapena kulitsegula kwa kompyuta imodzi yokha ya ofesi n'kuisunga kompyutayo ngati mmene amasungira buku la macheke. Njira yachiwiriyi ndiyo yanzeru kwa ogwira ntchito kutali ndi netiweki, bola laputopuyo isamabwerekedwe kukaonera mafilimu.

Nthawi zambiri vuto silikhala la pulogalamu ayi. Nthambo yabwino ya USB imakhala ndi mawaya anayi, awiri a moto ndi awiri a uthenga. Nthambo zambiri zotchipa za m'misika zimakhala ndi awiri a moto okha. Zimatchaja bwinobwino, koma kompyuta siiona foniyo, ndipo munthu amataya tsiku lonse akuimba mlandu tabuleti yosalakwa.

Nthambo imene imapulumutsa maina ndi yomweyo imene ingawabe. Pamalo a malonda ngati Ntaja, Liwonde ndi Balaka anthu adazolowera kusiya foni yotsegula kwa anyamata oika nyimbo kapena kwa okonza mafoni, n'kupita kukagula zina mumsika. Mphindi zochepa n'zokwanira kukopera zithunzi zonse. Foni ya munthu payekha ikatero, wovutika ndi mwini wake. Tabuleti ya mlangizi wa zaumoyo ikatero, zimene zatuluka ndi matenda, mimba ndi umphawi wa mudzi wonse. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act, limene lidayamba kugwira ntchito mu Juni 2024 ndipo limayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, limaika udindo pa amene amasonkhanitsa zolemba zotere kuti azisamale, ndipo limaika nkhani za umoyo m'gulu lofunika chitetezo chapadera.

ODK ili ndi yankho lake pa vutoli. Fomu ingathe kukonzedwa kuti wolemba akangomaliza, mayankho azikhomedwa ndi loko wa makiyi awiri. Kiyi wotsekera amakhala m'tabuleti iliyonse, pamene wotsegulira amakhala ndi mkulu mmodzi kuofesi. Wakuba akakopera foda pa nthambo amapeza zilembo zosamveka, ndipo ngakhale wolemba mwiniyo sangathenso kuwerenga kapena kusintha zimene watseka, zomwe zimachepetsanso mpata wolowetsa m'bale pa mndandanda. Kiyi wotsegulirayo ndi fayilo yaing'ono kwambiri, yokwana pa fulashi iliyonse, ndipo amayenera kusungidwa m'malo awiri kapena atatu osiyana. Akatayika, ngakhale amene adalemba ODK ku Seattle sangathe kutsegula mafayilowo, ndipo olemba amayenera kubwerera m'midzi kukafunsanso banja lililonse.