Damu la Mwini ndi Mtsinje wa Tonse

Mvula ikagwa usiku ku Kabwazi, m'mawa madzi a m'khwawa amakhala psuu, ndipo aliyense amadziwa kuti imeneyo ndi nthaka ya m'minda mwathu ikupita. Madzi a mbali ino ya Dedza amatsika m'timitsinje, ena kudzera mu Diamphwe, n'kukalowa mu Linthipe mpaka kunyanja ku Salima. Akuluakulu amakumbukira masiku amene ana ankabwera kunyumba ndi matemba, nkhanu ndi milamba ya m'maiwe a kuseri kwa mudzi. Maiwe ambiri otere adakwiririka ndi mchenga. Nkhani yobwezeretsa nsomba ikabuka, maganizo amagawikana pawiri: ena amati tikumbe madamu tiikemo nsomba, ena amati tikonze mtsinje nsomba zake zibwerere zokha.

Ubwino wa damu suvuta kuuona. Munthu amakumba m'dambo, n'kugula mbewu ya makumba kapena chilunguni, nsomba zimene akatswiri a ku Domasi ndi ku Bunda akhala akuswetsa kwa zaka zambiri. Amathira manyowa a nkhuku kapena a mbuzi kuti madzi abiriwire, amawaza madeya m'mawa ndi madzulo, ndipo chaka chisanathe amakolola. Kuno kumtunda nsomba zimakula mochedwa chifukwa cha chisanu cha Juni ndi Julaye, komabe ndiwo zimapezeka, ndi kandalama ka feteleza. Chachikulu n'choti damu lili ndi mwini wake. Amene wakhetsa thukuta ndiye amadya, ndipo wobwera ndi ukonde usiku amadziwika kuti ndi mbala.

Mtsinje ulibe mwini wotero, ndipo ntchito yake sioneka msanga. Kuukonza n'kusiya kulima mpaka m'gombe, kubzala katope, mkuyu, bango ndi nsungwi m'mbali mwake, kutchinga madzi kumunda ndi akalozera a vetiva, kuleka kuthira katupe m'maiwe ndi kukokolola tiana ta nsomba ndi masikito. Chilichonse mwa izi chili ndi ntchito yake. Mizu imagwira gombe kuti lisagumuke. Mthunzi umaziziritsa madzi, ndipo madzi ozizira amasunga mpweya wambiri kuposa ofunda. Masamba ogwera m'madzi amadyetsa tizilombo timene nsomba zimadya. Ngakhale chipika chogwera mumtsinje, chimene ife timathamangira kukachiwaza nkhuni, chimapatutsa madzi n'kukumba dziwe lobisalamo nsomba m'chilimwe.

Nsomba imene imandichititsa kuima ku mbali ya mtsinje ndi mpasa. Imakhala m'nyanja ya Malawi, ndipo kulibe kwina kumene imapezeka kupatula nyanjayi ndi mitsinje yake. Ikafuna kuswa imakwera mitsinje monga Bua, North Rukuru ndi Linthipe, kufunafuna malo osaya, a madzi oyera othamanga pa timiyala. Mazira amagona m'mipata ya timiyalato, ndipo madzi odutsamo ndiwo amawapatsa mpweya. Matope akatseka mipatayo, mazira amafa asanaswe. Mpasa yafika mpaka lero mu Bua makamaka chifukwa mtsinjewo umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira mu 2015. Linthipe alibe chishango chotere. Amadutsa m'minda kuyambira kumtunda, ndipo nkhalango ya Dzalanyama, gwero la Diamphwe, idadyedwa ndi makala kufikira boma lidatumizako asilikali. Ntchila, imenenso inkakwera mitsinje kukaswa, inali nsomba yamalonda m'zaka za m'ma 1950, koma achinyamata a lero ambiri amangoimva dzina. Damu la makumba, ngakhale litakula bwanji, silingabweze nsomba ziwirizi.

Anzathu a kum'mawa kwa America adayenda kale njira zonse ziwiri. Kwawoko kuli nsomba ya m'timitsinje ta m'mapiri yotchedwa brook trout, imene imavutika madzi akafunda kupitirira madigiri 20. Nkhalango zitadulidwa, nsombayo idachepa, ndipo kwa zaka zambiri yankho linali kuswetsa nsomba m'mathanki n'kukazithira m'mitsinje, kuphatikizapo mitundu yachilendo ya brown trout ndi rainbow trout. Alendowo adalanda malo a eni mudzi. Mu 1959 asodzi a ku Michigan, atatopa ndi nsomba zothira, adayambitsa bungwe la Trout Unlimited, ndipo ntchito yambiri masiku ano ndi yobzala mitengo m'magombe, kubwezera zipika m'madzi ndi kusintha mapaipi a pansi pa misewu amene amatsekereza nsomba. Rainbow trout yomweyo idafikanso kuno. Atsamunda adaithira mu Mulunguzi pa phiri la Zomba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kenako ku Nyika. Yakhala kokha kumene madzi ndi ozizira ndi oyera. Nsomba yothira nayo imafuna mtsinje wamoyo.

Koma sindingamuweruze mlimi wa ku Kabwazi amene amasankha damu, kapena amene amakana kusiya gombe. Dimba la m'mphepete mwa khwawa ndilo limabala matimati, kabichi ndi chimanga chachiwisi m'miyezi imene munda wa kumtunda uli gwaa. Kumuuza kuti abwerere m'mbuyo mamita angapo n'kumuuza kuti achotse mizere imene imalipira fizi ya mwana. Ndipo phindu lalikulu la kudzimana kwakeko likatuluka kutali, kwa msodzi wa ku Salima amene sadzakumana naye. Ambiri kuno mpasa sanailaweko. Apa ndi pamene njira ziwirizi zimasiyana kwenikweni: damu limalipira amene walikumba, mtsinje umalipira amene ali kumunsi. Malamulo alipo, la za nsomba ndi la za madzi la 2013, koma lamulo silibweza ndiwo zimene munthu wataya.

N'chifukwa chake ndimaona kuti mabungwe ndi alangizi amalakwitsa akamabweretsa ziwirizi padera, uyu ndi mbande zake, uyo ndi mbewu yake ya nsomba. Damu likumbidwe patali ndi gombe, ndipo likhale malipiro a banja limene lavomera kusiya mizere ya m'mphepete kuti pamere katope ndi bango. Amfumu ndi komiti ya m'mudzi angathe kugwirizana zimenezi pabwalo, poti malire a dimba lililonse amawadziwa. Mwini damu ali ndi chifukwa chakechake chovomerera. Madzi a m'damu lake amachokera ku kasupe yemweyo amene amadyetsa khwawa, ndipo mu Okutobala, madzi akayamba kutsika m'damumo, iye ndiye amakhala woyamba kukwera kumtunda kukaona ngati mitengo ya pa kasupe ikadalipo.